Jáchymov, tawuni yomwe inakulira pa mwala wotayidwa: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya Jáchymov ikakambidwa, ambiri amayamba n'kukayika, kenako mafunso amabwera, ndipo nthawi zambiri amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi mpaka ofuna kuti munthu akhale pansi. Pomwe yankho lakhudza zomwe tafotokoza kale, takulozerani komweko.

Kodi tawuni imeneyi ilipodi, kapena ndi yongopeka?

Ilipo. Ili m'dziko la Czech Republic, kumpoto chakumadzulo, m'chigwa chopapatiza cha mapiri a Krušné hory, omwe a kutsidya kwa malire ku Germany amawatchula kuti Erzgebirge. Kuchokera ku Karlovy Vary ndi makilomita pafupifupi 20. M'mabuku akale mudzaipeza ndi dzina loti Sankt Joachimsthal, chifukwa mpaka 1945 ambiri okhala kumeneko ankalankhula Chijeremani. Lero kuli anthu osakwana 3,000.

Oiyesa nthano sitiwadzudzula. Tawuni imodzi yomweyi inasula ndalama zasiliva zomwe zinayenda Ulaya yense, inapanga utoto wa magalasi, inapereka zinyalala zomwe wasayansi Marie Curie anapezamo chitsulo chosowa cha rediyamu, inatsegula malo oyamba padziko lonse osambitsirako odwala m'madzi a radoni (mpweya wotulutsa cheza), kenako inasanduka ndende yokumbirako yureniyamu wa mabomba a Soviet Union. Wolemba nkhani zopeka akanaika zonsezi m'buku limodzi, mkonzi akanamuuza kuti achotseko zina.

Inayamba bwanji?

Inayamba ndi siliva. Mu 1516 banja lolemera la Šlik, motsogozedwa ndi Štěpán Šlik, linakhazikitsa mudzi wa okumba pamalo pomwe m'matanthwe munapezeka mizere ya siliva. Mbiri inawanda, okumba a ku Saxony anakhamukirako, ndipo pofika 1520 kunali kukusulidwa kale ndalama zikuluzikulu zotchedwa Joachimsthaler. Cha m'ma 1534 kunali anthu pafupifupi 18,000. M'Bohemia monse, dera lomwe lero ndi gawo la Czech Republic, ndi Prague yokha yomwe inkaiposa.

Chumacho sichinakhalitse. Zaka za m'ma 1500 zisanathe, siliva wapafupi anali atatha, wotsalayo ali pansi kwambiri pomwe madzi ankavuta, komanso siliva wa ku migodi ya Spain ku America anali atadzaza msika. Anthu anabalalika. Otsalawo ankangodalira cobalt, bismuth, nickel ndi arsenic, miyala yomwe pa nthawi ya siliva sankaiwerengera n'komwe.

Nanga mwala wakuda womwe umatchulidwa kawirikawiri ndi chiyani?

Ndi pitchblende, mwala wakuda bii, wolemera modabwitsa m'manja, wonyezimira pang'ono. Okumba siliva ankadana nawo, chifukwa akaugunda ankadziwa kuti mzere wa siliva ukutha. Ankautaya pa milu ya zinyalala kunja kwa mgodi, ndipo unakhala pomwepo zaka zoposa 200.

Mu 1789 katswiri wa sayansi ya mankhwala wa ku Berlin, Martin Heinrich Klaproth, anaunika mwala wa mtundu womwewu wochokera ku Johanngeorgenstadt, tsidya lina la mapiri omwewa, n'kupezamo chitsulo chomwe sichinkadziwika. Chimenecho ndiye yureniyamu. Chitsulo chenichenicho, chopanda zosakanizika, chinaoneka koyamba mu 1841 m'manja mwa Eugène Péligot ku France. Akatswiri anakondwa, analemba m'mabuku, koma panalibe yemwe ankadziwa chochita nacho.

Ndi zoona kuti yureniyamu anali wopanda ntchito?

Pafupifupi choncho. Ntchito yokhayo yooneka yomwe anamupezera inali yokongoletsa. Mukathira pang'ono m'galasi losungunuka, galasilo limatuluka lachikasu chopita kobiriwira. Pa mbale zadothi amapereka mtundu wachikasu, wofiirira kapena wakuda. Opanga magalasi a ku Bohemia anali otchuka kale, ndiye m'zaka za m'ma 1850 boma la Austria, lomwe linkalamulira Bohemia nthawiyo, linatsegula fakitale ya utoto wa yureniyamu mu Jáchymov momwemo, potsatira njira yomwe anakonza katswiri Adolf Patera. Apa mpamene mwala wotayidwa uja unayamba kukumbidwa dala.

Matambula ndi mabakuli a nthawi imeneyo alipobe m'masitolo a zinthu zakale. Mukawaunikira ndi tochi ya kuwala kwa UV, ngati zija amayesera ndalama zachinyengo, amawala mobiriwira. Kwa zaka pafupifupi 40, kutchuka konse kwa yureniyamu kunali kumeneku: tawuni yathunthu kulowa pansi pa nthaka kuti tebulo la munthu wa ku Vienna lioneke bwino.

Fakitaleyo ikachotsa yureniyamu m'mwalamo, pankatsala matope ouma ofiirira. Awonso ankatayidwa, ena m'nkhalango ya paini pafupi ndi fakitale.

Marie Curie akubwera bwanji m'nkhaniyi?

Mu 1896 Henri Becquerel ku Paris anapeza kuti yureniyamu amatulutsa cheza chosaoneka payekha, popanda dzuwa kapena moto. Marie Curie anayamba kuyeza chezacho m'miyala yosiyanasiyana, ndipo anaona chinthu chosamveka: pitchblende inkatulutsa cheza champhamvu kangapo kuposa momwe yureniyamu ali m'katimo angatulutsire. Anaganiza kuti muli chinthu china, chochepa kwambiri koma champhamvu zedi. Iye ndi mwamuna wake Pierre analengeza za poloniyamu mu Julaye 1898 ndi rediyamu mu Disembala chaka chomwecho.

Kulengeza n'kwina, kumuonetsa rediyamuyo n'kwinanso. Pankafunika matani a mwala, ndipo banjali linalibe ndalama zogulira pitchblende. Nzeru yawo inali yoti yureniyamu sakumufuna. Chomwe akufuna chatsalira m'matope omwe fakitale ya ku Jáchymov inataya. Kunali ngati kupita kuchigayo kukapempha madeya, mwini chigayo osadziwa kuti chakudya chenicheni chili m'madeyamo. Mothandizidwa ndi bungwe la asayansi la ku Vienna ndi mtsogoleri wake Eduard Suess, matopewo anatumizidwa ku Paris, ndipo matumba atatsegulidwa munapezekanso masamba a paini a m'nkhalango muja.

Ntchito yake inali yakalavulagaga. M'chishedi chodontha, Marie ankawiritsa matopewo makilogalamu pafupifupi 20 nthawi imodzi, akuvundula ndi chitsulo chachitali pafupifupi msinkhu wake, kusefa, kuwiritsanso, kusefanso. Mu 1902, atadutsitsa matani a matope, anapeza gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu la mchere wa rediyamu. Ku Jáchymov kweniko anakafikako mu 1925, ndipo analowa mu mgodi wa Svornost.

Rediyamu ndi wosowa motani?

Pa matani pafupifupi atatu a yureniyamu mumapezeka galamu limodzi la rediyamu. Sapezeka payekha paliponse. Amabadwa yureniyamu akamasweka pang'onopang'ono, ndipo iyenso amasweka: theka lake limatha pa zaka 1,600, pomwe theka la yureniyamu wamba limatenga zaka 4.5 biliyoni. Ndiye m'thanthwe mumakhala kochepa komwe kakubadwa pomwe kena kakutha.

Kusowa kumeneku kunakweza mtengo mopanda chifundo. Mu 1921 amayi a ku America anasonkha ndalama zokwana madola 100,000 kuti agulire Marie Curie galamu limodzi, lomwe Pulezidenti Warren Harding anamupatsa ku White House. Boma la Austria litaona komwe zinthu zikupita linaletsa kutumiza kunja mwalawo ndi matope ake, n'kuyamba kuyenga rediyamu lokha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, Jáchymov ndiyo inali gwero lalikulu la rediyamu padziko, ngakhale zokolola za chaka chonse zinali magalamu owerengeka.

Ankamugwiritsa ntchito yanji?

Ntchito zenizeni zinali ziwiri. Yoyamba inali yachipatala: madokotala ankaika rediyamu m'timachubu kapena m'masingano n'kulowetsa pafupi ndi chotupa cha khansa kuti cheza chiphe chotupacho. Njirayi inathandizadi, makamaka pa khansa ya khomo la chiberekero. Yachiwiri inali utoto wowala mumdima, wopaka pa manambala a mawotchi ndi pa zipangizo za m'ndege zankhondo.

Zina zonse zinali malonda a akathyali. Kunali mankhwala otsukira mano, zodzola kumaso, ngakhale madzi akumwa, zonse zotsatsidwa kuti zili ndi rediyamu ndipo zimabwezera unyamata. Munthu wina wolemera wa ku America, Eben Byers, anamwa mabotolo ochuluka a madzi otchedwa Radithor mpaka nsagwada zake zinawonongeka, ndipo anamwalira mu 1932. Atsikana opaka utoto pa mawotchi ku Orange, m'chigawo cha New Jersey, ankaphunzitsidwa kusongola burashi ndi milomo. Ambiri anadwala mafupa ndi magazi m'zaka za m'ma 1920. Thupi limamutenga rediyamu ngati calcium n'kumusunga m'mafupa, ndipo akalowamo satulukamo msanga.

Lero rediyamu ali ndi ntchito?

Yochepa kwambiri, moti palibe mgodi womwe ungatsegulidwe chifukwa cha iye. Zipatala zinasamukira ku cobalt-60, caesium-137 ndi makina opanga cheza ndi magetsi, zomwe n'zotsika mtengo komanso zosavuta kusamala. Opanga mawotchi anamusiya kalekale. Pali mtundu umodzi, radium-223, womwe amabaya odwala khansa ya prostate yomwe yafalikira m'mafupa, koma umenewo amachita kukonza m'malo a sayansi, sakumba. Masingano akale a rediyamu omwe anatsala m'zipatala lero ndi zinyalala zoopsa zomwe maboma amawononga ndalama kuti azitolere ndi kuzisunga.

N'chifukwa chiyani Jáchymov inasiya kulamulira msika?

Ena anapezanso mwala kwina. Poyamba anali a ku America, omwe ankayenga rediyamu kuchokera ku mwala wachikasu wa carnotite ku Colorado. Kenako mu 1915 kunapezeka Shinkolobwe, pafupi ndi Likasi ku Katanga, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Belgian Congo. Mwala wa kumeneko unali ndi yureniyamu wochuluka kuposa wina uliwonse womwe unadziwikapo, ndipo kampani ya Union Minière du Haut-Katanga itayamba kuuyenga ku Olen m'dziko la Belgium mu 1922, mtengo unatsika ndipo opikisana nayo ambiri anagwa. M'zaka za m'ma 1930 kunabweranso Port Radium, m'mphepete mwa nyanja ya Great Bear ku Canada.

Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi imeneyi yureniyamu anabwereranso pa mulu wa zinyalala. Oyenga ankafuna galamu limodzi lija, ndipo matani otsalawo analibe wowagula wokwanira.

Okumba ankadwala chiyani?

Funso ili ndi lomwe liyenera kuyamba kufunsidwa, ngakhale kawirikawiri limabwera mochedwa. Kuyambira nthawi ya siliva, okumba a m'mapiri amenewa ankafa adakali anyamata: chifuwa, kubanika, kuwonda, kenako maliro. Georgius Agricola, yemwe anali dokotala wa tawuniyi kuyambira 1527, analemba za fumbi la m'migodi lomwe limadya mapapo m'buku lake De re metallica, lomwe linatuluka mu 1556, ndipo analangiza kuti okumba aziphimba kumaso komanso m'migodi muzilowa mphepo. M'buku lomwelo anatchula za akazi a ku migodi ya mapiri a Carpathian omwe anakwatiwapo ndi amuna asanu ndi awiri, onsewo n'kumwalira ndi matenda a pachifuwa.

Dzina lenileni la nthendayo linadziwika patapita zaka zoposa 300. Mu 1879 madokotala awiri, Härting ndi Hesse, ataunika mitembo ya okumba a ku Schneeberg, mbali ya Germany ya mapiriwa, anapeza kuti ndi khansa ya m'chifuwa. Ku Jáchymov, madokotala Pirchan ndi Šikl anatsimikizira zomwezo mu lipoti lawo la 1932: khansa ya m'mapapo inali kupha gawo lalikulu la okumba.

Choyambitsa ndi radoni. Rediyamu akamasweka amabala mpweya umenewu, womwe ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umaunjikana pomwe mphepo siyenda. Theka lake limasweka pa masiku osakwana anayi, n'kusiya tizidutswa ta poloniyamu, mtovu ndi bismuth tomwe timamatirira ku fumbi. Munthu akapuma fumbilo, tizidutswato timatsakamira m'njira za mpweya m'mapapo n'kumavulaza minofu ndi cheza chake. Khansa imadzaoneka patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo, munthu atasiya kale ntchito. Ngati amasutanso fodya, ngozi imakula kwambiri.

Onani kuti radoni sankafunsa chomwe munthu akukumba. Wokumba siliva mu 1530, wokumba mwala wa utoto mu 1870, wokumba rediyamu mu 1920, onse ankapuma mpweya umodzi. Mtengo wa mwala unkakwera ndi kutsika malinga ndi zomwe agwirizana ku Vienna, ku Paris kapena ku Moscow; zomwe zinkachitika m'mapapo a wokumba sizinkasintha.

Ngati radoni amapha, bwanji anthu amalipira ndalama kukasamba m'madzi ake?

Mu 1864 okumba a mu Svornost anaboola kasupe pansi pa mamita pafupifupi 500, madzi anasefukira mu mgodi. Rediyamu atatchuka, madziwo anayezedwa n'kupezeka kuti ali ndi radoni wambiri. Mu 1906 malo osambitsirako odwala anatsegulidwa, ndipo mu 1912 kunatsegulidwa hotela yaikulu ya Radium Palace, komwe kunkafikira anthu olemera a ku Ulaya. Tangoganizani: kumunsi kwa chigwa anthu achuma ali m'mabafa kufuna moyo, kumtunda okumba akutsokomola magazi, onse chifukwa cha mpweya umodzi.

Malowa akugwirabe ntchito, ndipo ndiwo olemba anthu ambiri ntchito m'tawuniyi. Madzi amapopedwabe kuchokera pansi pa Svornost. Wodwala, kawirikawiri wa nyamakazi, msana kapena malo olumikizira mafupa, amayamba waonana ndi dokotala, kenako amalowa m'bafa la madzi ofunda kwa mphindi pafupifupi 20 patsiku, kwa masabata angapo.

Kusiyana kwake ndi kuchuluka. Wokumba ankapuma radoni ndi fumbi maola ambiri tsiku lililonse kwa zaka. Wosamba amalandira kochepa kwa nthawi yochepa. Kafukufuku wina ku Ulaya wasonyeza kuti ululu umachepa kwa miyezi ingapo, koma akatswiri sagwirizana ngati ndi radoni amene amathandiza kapena madzi ofunda, kupuma ndi kulimbitsa thupi komwe kumayendera limodzi ndi kusambako. Bungwe la WHO limati radoni ndi wachiwiri kwa fodya pa zoyambitsa khansa ya m'mapapo. Maganizo athu ndi akuti amene akuuzani kuti madzi amenewa amachiza chilichonse akubwereza malonda a nthawi ya Radithor.

Zinasintha liti kuti yureniyamu akhale chinthu chomenyerana?

M'miyezi yochepa chabe. Pangano la Munich la mu Seputembala 1938 linapereka kwa Hitler dera la Sudetenland, la m'malire mwa Czechoslovakia (dziko lomwe Jáchymov inalimo nthawiyo), ndipo Jáchymov inalowa m'manja mwa Germany. Mu Disembala chaka chomwecho Otto Hahn ndi Fritz Strassmann ku Berlin anapeza kuti atomu ya yureniyamu imatha kugawika, ndipo Lise Meitner ndi Otto Frisch anafotokoza kukula kwa mphamvu yomwe imatuluka. Kalata yomwe Albert Einstein anasainira pa 2 Ogasiti 1939, yochenjeza Pulezidenti Roosevelt wa America za bomba la atomu, inanena kuti Germany yaletsa kugulitsa yureniyamu wa ku migodi ya Czechoslovakia yomwe yalanda. Migodi yomwe ankanenayo ndi ya ku Jáchymov.

Mabomba a America sanapangidwe ndi mwala wa ku Jáchymov. Mwala wambiri unachokera ku Shinkolobwe, komwe mkulu wa Union Minière, Edgar Sengier, anali atatumiza kale matani oposa 1,000 ku New York mu 1940. Koma pali kankhani kamodzi kapambali. J. Robert Oppenheimer, yemwe anadzatsogolera opanga bombalo, anafika ku Jáchymov mu 1921 ali mnyamata wokonda kutolera miyala, ndipo anabwerako atadwala kamwazi.

Ndende zinayamba bwanji?

Nkhondo itatha, Soviet Union inkafuna bomba lake mwachangu koma inalibe yureniyamu wokwanira. Pa 23 Novembala 1945 boma la Czechoslovakia linasaina pangano lachinsinsi lopereka yureniyamu wake kwa Soviet Union. Nthawi yomweyo anthu olankhula Chijeremani, omwe anali eni tawuniyi kwa zaka 400, anali kuthamangitsidwa m'dzikomo, ndiye manja ogwira ntchito anasowa.

Poyamba anagwiritsa ntchito asilikali a Germany ogwidwa pankhondo. Chipani cha chikomyunizimu chitalanda boma mu February 1948, kunapezeka gwero lina: anthu omangidwa pa zifukwa zandale. Kuyambira 1949 mpaka 1961 kunali misasa 18 ya akaidi m'madera a Jáchymov, Horní Slavkov ndi Příbram, ndipo akaidi oposa 60,000 anadutsamo, andale ndi amilandu wamba omwe. Dera lonse linatsekedwa. Munthu sankalowa popanda chiphaso. Panalinso antchito wamba ambiri omwe ankalipidwa bwino kuposa kwina konse m'dzikomo, akugwira ntchito mu mgodi umodzi ndi akaidi. Soviet Union inaphulitsa bomba lake loyamba pa 29 Ogasiti 1949.

Moyo wa akaidi unali wotani?

Chakudya chinkayendera ntchito. Wolephera kukwanitsa mlingo wa tsiku ankachepetseredwa chakudya, mawa lake n'kulephera kwambiri chifukwa cha njala. Kumapiriku kumazizira koopsa, chipale chimakhala miyezi yambiri, ndipo akaidi ankatuluka mu mgodi zovala zili zonyowa n'kukaima pamzere kuti awerengedwe. Olangidwa ankatsekeredwa m'tizipinda ta konkire topanda moto.

Akaidi a msasa wa Nikolaj ankapita ku mgodi wa Eduard m'njira yomwe iwo ankaitcha basi ya ku Russia. Ankaimikidwa mothinana m'mizere, gulu lonse n'kuzunguliridwa ndi chingwe, kenako n'kuyenda m'kanjira ka pakati pa mipanda ya waya waminga, alonda ndi agalu ali m'mbali. Mmodzi akaterereka pa chipale, oyandikana naye ankagwa naye limodzi.

Malo oopedwa kwambiri sanali pansi pa nthaka. Ku Vykmanov, pafupi ndi tawuni ya Ostrov, kuli nsanja ya njerwa zofiira komwe mwala wochokera m'migodi yonse unkaphwanyidwa, kusefedwa ndi kupakidwa m'migolo yopita ku Soviet Union. Fumbi linkadzaza nyumba yonse, akaidi alibe chophimba kumphuno, ndipo kumeneko n'komwe ankatumizako omwe boma linkawaona kuti ndi osamva, ansembe ambiri ali m'gulumo. Nsanjayo ilipo mpaka lero, ndipo eni dziko amaitcha Rudá věž smrti, nsanja yofiira ya imfa.

Sanali andale okhaokha monga timawadziwira. Kunali alimi okana kupereka minda, asilikali omwe anamenya nkhondo kumbali ya Britain, ophunzira, ogwidwa akuthawa m'dziko. Osewera angapo a timu ya dziko ya hockey ya pa ayezi, yomwe inapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1949, anamangidwa mu 1950 powaganizira kuti akufuna kuthawira kunja. Goloboyi wawo, Bohumil Modrý, anagamulidwa zaka 15, anagwira ntchito m'migodi ya yureniyamu, ndipo ngakhale anatulutsidwa msanga, anamwalira mu 1963 ali ndi zaka 46.

Migodi inatsekedwa liti, ndipo tawuni inatani?

Mwala unatha. M'zaka zosakwana 20 munakumbidwa yureniyamu wokwana matani pafupifupi 7,000, kuposa yense yemwe anakumbidwa m'zaka 100 zam'mbuyo, ndipo ntchito inasamukira ku Příbram. Akaidi ambiri andale anamasulidwa pa chikhululuko cha 1960, misasa inatsekedwa, ndipo kukumba kunatheratu pofika 1964. Svornost yokha ndi yomwe inasiyidwa yotsegula, chifukwa cha madzi omwe tafotokoza pa funso la kusamba.

Antchito anachoka monga anachokera okumba siliva. Eni nyumba zakale anali atathamangitsidwa kale, obwerawo analibe mizu pamalopo, ndiye nyumba zambiri za m'zaka za m'ma 1500 zinangosiyidwa kuti zigwe. Mpaka lero, mukayenda mumsewu waukulu wokwera chigwacho, mumaona khomo lamwala losemedwa mwaluso pa nyumba yomwe mawindo ake ndi okhomedwa ndi matabwa, pomwe kumunsi mahotela ali opentedwa bwino.

Kodi pali matawuni ena omwe anaona zofanana?

Alipo, ndipo ambiri zinawathera moipa kuposa Jáchymov. Uranium City ku Saskatchewan, Canada, inakhazikitsidwa mu 1952. Mgodi waukulu utatsekedwa mu 1982 anthu masauzande anasamuka, lero otsala sakwana 100. Uravan ku Colorado inatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo chifukwa cha kuipitsidwa kwa nthaka nyumba zake zinagwetsedwa n'kukwiriridwa. Shinkolobwe inatsekedwa ndi konkire mu 1960 a ku Belgium akuchoka, koma patapita zaka anthu anabwerera kukakumba cobalt ndi manja, mpaka dzenje linagumuka n'kupha anthu mu 2004.

Jáchymov inapulumuka chifukwa inali ndi china chogulitsa mwala utatha.

Zikufanana bwanji ndi Kayelekera?

Chitsulo ndi chimodzi, koma zina zambiri n'zosiyana. Mgodi wa Kayelekera, kumadzulo kwa Karonga, unatsegulidwa ndi kampani ya ku Australia ya Paladin mu 2009, unaimitsidwa mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa kutsatira ngozi ya ku Fukushima ya 2011, ndipo mu 2020 gawo la Paladin linagulidwa ndi Lotus Resources. Ndi mgodi wa dzenje lapoyera, ndiye radoni saunjikana monga m'ngalande za pansi za ku Jáchymov. Mwala wakenso uli ndi yureniyamu wochepa kuyerekeza ndi pitchblende, ndipo malamulo a lero amafuna kuti cheza chomwe wantchito walandira chiziyezedwa.

Pa mgodi wotere, mafunso akuluakulu amakhala a fumbi, madzi ndi damu losungiramo matope otsala. Matopewo ndi mtundu womwewo womwe banja la Curie linapempha: yureniyamu wachotsedwa, rediyamu watsalamo, ndipo monga tanenera pa funso la kusowa kwake, theka lake limatenga zaka 1,600 kuti lithe. Chofanana china n'chakuti mtengo womwe umatsegula kapena kutseka mgodi umakhazikitsidwa kutali ndi mgodiwo.

Kodi n'koopsa kukacheza ku Jáchymov lero?

Kwa mlendo wa masiku ochepa, ayi. Vuto la radoni limakhudza kwambiri okhala komweko, makamaka m'nyumba zakale zomangidwa pamwamba pa ngalande za migodi kapena ndi miyala yotengedwa pa milu ya zinyalala. Nyumba zotere zimafunika kuyezedwa ndi kukonzedwa kuti mphepo izidutsa pansi pake.

Zoona zilipo zambiri. Nyumba yakale yosulira ndalama ndi myuziyamu. Pafupi ndi Svornost pali ngalande yotchedwa Štola č. 1, yomwe inakumbidwa m'zaka za misasa ya akaidi, ndipo alendo amaloledwa kulowamo ndi wowatsogolera. Njira yoyenda wapansi ya Jáchymovské peklo, ya makilomita oposa 8, imadutsa pomwe panali misasa ingapo. Zotsala ndi maziko, masitepe ndi zikwangwani zofotokoza. Mu 2019 UNESCO inaika dera la migodi la Erzgebirge/Krušnohoří, kuphatikizapo Jáchymov ndi nsanja yofiira ija, pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse.

Akatswiri a miyala amakondako chifukwa kunapezeka mitundu yoposa 400. Inu musalowe m'maenje akale osatetezedwa, chifukwa amagumuka komanso ndimo muli radoni wambiri, ndipo mwala wakuda wolemera womwe mungautole pa mulu musauike m'thumba kapena kuchipinda chogona. Pa bwalo la ndege makina oyezera cheza akhoza kuuzindikira, ndipo mudzakhala ndi zambiri zoti mufotokozere apolisi.